Chenjezo: Mukalowa M'gemu, Musatsike M'galimoto

Okutobala akalowa, dzuwa likayamba kuswa mtengo, zithaphwi ndi timitsinje ta m'nkhalango timauma gwa, ndipo nyama zonse zimatsikira kumene kwatsala madzi. Ku Liwonde ndi ku Majete, kumeneko ndi kumtsinje wa Shire. Nyengo yomweyi ndi imenenso anthufe timakonda kuyenda. Ana asukulu, makwaya, amayi a mvano, a banki m'khonde amene angogawana kumene, antchito a m'maofesi, onse amasonkherana ya kosita. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ena amene kale ankangodziwa njira ya ku Salima ndi ku Mangochi masiku ano akumakhotera ku gemu. Zimenezi n'zabwino, ndipo tikadakonda atachuluka, chifukwa nkhalango zimenezi n'zathu. Koma zikutanthauzanso kuti njovu yaludzu, yotopa ndi kutentha, ikukumana pagombe limodzi ndi munthu amene maso ake ali pafoni, nzeru zonse zili pa chithunzi chokaika pa Facebook.

Chenjezo lathu n'limodzi. Mukadutsa pachipata, khalani m'galimoto mpaka mutafika pamalo amene agemu analola kuti munthu atsike. Wokuperekezani akanena kanthu, chitani pompopompo, mafunso mudzafunsa mukatuluka.

Chimene chikutipusitsa ndi zimene timakumbukira. Amene anapita ku Majete m'zaka za m'ma 1990 anapeza tchire lopanda eni. Pofika 1992 njovu zonse zinali zitaphedwa, zipembere ndi mikango zinali zitatha kale, ndipo munthu ankatha kuyenda wapansi tsiku lathunthu osakumana ndi chilombo. Anyamata ndi atsikana a nthawi imeneyo lero ndi aphunzitsi aakulu, abusa ndi mabwana, ndipo ndiwo akutsogolera maulendowa. Amalimbitsa anzawo mtima kuti musaope, ine kuno ndimakudziwa. Majete amene akumudziwayo kulibenso. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti lizisamalira nkhalangoyi, ndipo chaka chomwecho zipembere zinabwezeretsedwa. Njovu zinayamba kufika mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012. Mikango yoyambayo tsopano ili ndi zidzukulu. Ku Liwonde, kumene bungwe lomweli linalowa mu 2015, mikango inabwerera mu 2018, zipembere 17 zinatsika pa ndege kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Ku Nkhotakota kunatsala njovu zosakwana 100, koma mu 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ku Kasungu kunapita zina 263 mu 2022. Dziko lino linachita chinthu chachikulu chimene mayiko ena amabwera kudzaphunzirako. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi khalidwe la mlendo wa konkuno, amene akulowabe m'nkhalango yodzaza ndi zilombo ali ndi maganizo a nkhalango yopanda kanthu.

Anthu ambiri satsika m'galimoto chifukwa cha chamuna. Amatsika chifukwa cha chikhodzodzo. Gulu lanyamuka ku Blantyre m'mamawa, m'njira monse muli zakumwa, ndiye pakati pa nkhalango mawu amamveka kumpando wakumbuyo: "Adalaivala, taimani pang'ono titayeko madzi." Dalaivala, poopa kuoneka wankhanza kwa anthu amene amulipira, amaima. Wina amalowera kuseri kwa chitsamba, wina kuseri kwa chulu, ndipo amayi, pofuna ulemu, ndiwo amapita patali kuposa onse. Mkango masana umagona pamthunzi wa zitsamba zomwezo, ndipo ubweya wake ndi udzu wouma wa Okutobala n'zosasiyana. Mutha kuuyang'ana pamtunda wa mapazi khumi osauona. Pachipata pali zimbudzi. Aliyense, makamaka ana, alowemo gulu lisanayambe ulendo wa m'kati, kaya akumva kufuna kaya ayi.

Wina adzati, nanga azungu aja amakwera galimoto yopanda zitseko n'kuima pafupi ndi mikango bwanji? Nyama za m'gemu zinazolowera galimoto. Zimaiona tsiku ndi tsiku, siizipweteka, siidyeka, ndiye zimangoisiya. Anthu akakhala phee m'kati mwake, mkango umaona chinthu chimodzi chachikulu chonunkha dizilo. Wina akaimirira, akatulutsa thupi pawindo, akakwera padenga kapena akaponda pansi, chimene mkango ukuona chasintha: waona cholengedwa cha miyendo iwiri chimene ungachithamangitse kapena chimene chikuopseza ana ake. N'chifukwa chake operekeza alendo amaumirira kuti khalani pansi ndipo musakweze mawu. Mwana wamng'ono akamalira ndi kuphiriphitha pawindo lotsegula, mikango imatchera khutu mwa mtundu wina. Mukwezereni galasi.

Koma chilombo chimene tikuchiopera kwambiri alendo athu si mkango. Ndi njovu, chifukwa anthu saiopa. Imaoneka yofatsa, imayenda mwaulesi, imathyola nthambi mosalabadira za munthu, ndiye aliyense amafuna chithunzi ali nayo kumbuyo. Njovu yamphongo yaikulu imafika makilogalamu 6,000, kulemera kwa matumba 120 a chimanga, ndipo ikanyamuka palibe munthu amene angaithawe pa liwiro. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 22 kuti ibereke mwana mmodzi. Mwana wovutikira chotero siilola kuti chilichonse chiime pakati pa iyo ndi iye, kaya ndi munthu kaya ndi minibasi. Gulu la njovu likamadutsa msewu, zina zikhala zitawoloka zina zisanawoloke, ndipo dalaivala wopupuluma amene walowetsa galimoto pampata wapakatipo wagawa banja pawiri osadziwa.

Njovu imachenjeza, kungoti chinenero chake sitinachiphunzire. Ikasiya kudya n'kukuyang'anani, mwayandikira kwambiri. Ikatambasula makutu, kupukusa mutu, kukankha fumbi ndi phazi kapena kulira mokweza, ikukuuzani kuti chokani, ndipo nthawi yochoka mwaulemu ikadalipo. Ikapinda makutu kumbuyo, kuweramitsa mutu, kupindira chitamba m'kati n'kubwera mwakachetechete, zokambirana zatha. Yamphongo imene ikuchucha madzi akuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, ndiponso ikudontha mkodzo m'miyendo yakumbuyo, ili pa nyengo yake yolusa. Imeneyo muipatse msewu wonse, ngakhale zitatanthauza kubwerera chafutambuyo mtunda wautali. Kuimba hutala kapena kuliza injini kuti isunthe ndi kuiputa dala.

Amene akuyesa kuti tikukokomeza akumbukire za mu Meyi 2019 ku Liwonde konkuno. Msilikali wa ku Britain wa zaka 22, amene anabwera kudzathandiza agemu athu polimbana ndi opha nyama mozemba, anaphedwa ndi njovu ali paulonda m'tchire la udzu wautali. Anali wophunzitsidwa, wamphamvu, ali ndi anzake odziwa nkhalangoyo. Mu Julayi 2024 ku Pilanesberg, ku South Africa, mlendo wa ku Spain anatsika m'galimoto kuti ajambule bwino gulu la njovu lokhala ndi ana. Anzake amene anatsala m'galimoto anabwerera kwawo amoyo, iye anapondedwa. Mu Julayi 2025 ku South Luangwa, kwa anansi athu ku Zambia, amayi awiri achikulire ochokera kunja anaphedwa ndi njovu yaikazi ya mwana ali paulendo wapansi wololedwa, operekeza a mfuti ali pomwepo. Ngati zimatheka pamene malamulo onse atsatidwa, nanga kwa munthu wa botolo m'manja amene watsika yekha kuti adzijambule?

Tisanamizane, galimoto nayonso si linga. Mu Marichi 2024 ku Kafue, ku Zambia komweko, njovu yamphongo inathamangitsa galimoto ya alendo, galimotoyo itasowa kopitira inaigubuduza, ndipo mayi wina wachikulire wa ku America anamwalira. Phunziro lake likupita kwa madalaivala. Musaime pamalo amene simungathe kuchokapo msanga. Magalimoto akakhala angapo, musathithikane mphuno ndi mchira, chifukwa wapatsogolo akafuna kubwerera adzagunda inu. Njovu ikamabwera mumsewu molunjika kwa inu, yambani kubwerera ikadali patali. Ndipo anthu akumbuyo akamakuwa kuti "sunthani pafupi, sitikuona bwino," kumbukirani kuti chiwongolero chili m'manja mwanu, ndipo kupolisi adzakafunsa inu.

Kumadzi nako kuli eni ake. Ulendo wa paboti pa Shire ku Liwonde ndi umodzi mwa maulendo okoma kwambiri m'dziko muno: mvuu zili mbuu m'madzi, ng'ona zikuothera dzuwa pamchenga, njovu zikusamba, nkhwazi ikulira pamwamba pa migwalangwa. Koma mtsinje womwewu, kumunsi kwake ku Nsanje, mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato limene munali anthu 37. Mwana wa chaka chimodzi anapezeka atamwalira, ndipo anthu 23 anasowa tsiku limenelo. Amenewo sanali okaona nyama. Anali anthu akumudzi owoloka mtsinje umene anabadwira m'mbali mwake. Mvuu ikayasamula kukamwa sikuti ili ndi tulo, ikukuonetsani mano. Woyendetsa boti amadziwa dziwe la gulu lililonse ndi mtunda woyenera kulambalala, choncho musamukakamize kuyandikira. Chovala choyandamitsa pamadzi valani, ngakhale chikubisa diresi latsopano. Njovu ikaoneka kugombe, musathamangire nonse mbali imodzi ya boti. Dzanja lisalowe m'madzi, ngakhale kungofuna kumva kuzizira kwake, pakuti ng'ona imene mukuiona pamchenga si imene ingakugwireni. Yokugwirani ili pansi pa boti. Kusamba m'manja kapena kutsuka mbale pagombe pambuyo pa chakudya n'kumene kwatengetsa anthu ambiri a m'mbali mwa Shire, ndipo ng'ona siisiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi.

Ogona komweko adziwe kuti mvuu imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo kapinga wa pamalo ogona alendo ndi udzu ngati wina uliwonse. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chimene chili panjira yake chimaphwanyidwa. Pamtunda imathamanga kuposa munthu, ngakhale miyendo yake ili yaifupi. Mlonda akati dikirani ndikuperekezeni kuchipinda, mudikireni. Bambo amene wamwa pang'ono ndi amene amakana, amati ndi pafupi pomwepa. Pakati pa bala ndi chipinda chakecho pakhoza kukhala mvuu, njati yokalamba imene inathamangitsidwa m'gulu, kapena njovu imene yabwera kudzatola zipatso za mtengo wa pakhonde.

Za anyani ndi apusi tingonena mwachidule. Musawapatse chakudya. Nyani amene walawa buledi wa mlendo mawa amalanda m'manja mwa mwana, ndipo mano ake akutsogolo ndi aatali zedi. Akafika poluma anthu, agemu amamuwombera. Amene anamuponyera nthochi uja amakhala atafika kale kwawo, akuonetsa anzake kanema.

Apa m'pamene pali nkhani imene alendo sitikonda kuimva. Chibwana chathu m'gemu amalipira ndi ena. Chilombo chikapweteka munthu, kawirikawiri chimasakidwa n'kuphedwa, ngakhale kuti wolakwa anali munthuyo. Mgemu amene akuthamangira kukakupulumutsani ndi bambo kapena mayi wa ana, ndipo akuika moyo wake pangozi chifukwa cha chithunzi chanu. Komanso kunja kwa mpanda kuli midzi. Inu mumabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, koma anthu a ku Machinga, Balaka, Chikwawa, Nkhotakota ndi Kasungu amagona moyandikana ndi nyama zimenezi chaka chonse. Njovu zija zitasamutsidwira ku Kasungu mu 2022, anthu a m'midzi yozungulira, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yowonongedwa, nkhokwe zopasulidwa ndi abale awo ophedwa. Kwa iwo njovu si chinthu chojambula. Njovu siiiwala msanga, ndipo imene yazolowera kuti munthu ndi wosowetsa mtendere, woiimbira hutala ndi kuigenda kuti itembenukire ku kamera, siisiya mkwiyowo pachipata. Wokumana nayo mawa akhoza kukhala mayi wotola nkhuni kapena mwana wopita kusukulu m'mbandakucha. Mukamadutsa m'midzi imeneyi popita ku gemu, chepetsani liwiro ndipo gulani tomato ndi madengu awo. Iwo ndi amene akusenza mtolo wolemera wa nkhalango zimene tonse tikunyadira.

Pobwerera, m'mbali mwa msewu wina akhoza kukunong'onezani kuti ali ndi nyama yagemu yotsika mtengo, yowamba kale. Musagule. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu, monga ya minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi ngaka, chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Kupezeka ndi nyama yagemu popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutati munangogula. Dzino, nyanga kapena chikopa chimene mwachipeza pansi m'nkhalango si chotola. Kupatula lamulo, pali matenda. Kumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ku Liwonde ndi matenda a anthrax, ndipo mitembo yake inkayandama pa Shire. Nyama ya chilombo chofa ndi matendawa imapatsira woisenda, woinyamula ndi woidya, ndipo kuiwamba kapena kuiyanika sikupha tizilombo take. Wogulitsa m'mbali mwa msewu sadzakuuzani ngati nyamayo inagwidwa pamsampha kapena inatoledwa itadzifera.

Tsopano kwa inu okonza maulendo, aphunzitsi, abusa, amayi apampando ndi a komiti ya zachisangalalo kuofesi. Ngozi zambiri zimayambira pa nthawi yonyamukira. Mwagwirizana 6 koloko, mwanyamuka 9, mwafika pachipata dzuwa lili paliwombo pamene nyama zonse zabisala pamthunzi. Anthu akhumudwa kuti ndalama zapita pachabe, ndiye ayamba kuumiriza dalaivala kuti apatuke mumsewu alowe m'tchire, kapena kuti gulu lichedwe mpaka chisisira. Kenako mukuthamangira chipata chisanatsekedwe, mumdima, pa liwiro, nthawi yomwe njovu zikuchoka kumtsinje ndipo mvuu zikutuluka. Fikani m'mawa kwambiri. Nyama mudzaziona zambiri, ndipo mudzatuluka kukadali kowala. Sipika ya nyimbo izimitsidwe pachipata. Mowa udikire kunja. Pa gulu la ana pakhale akuluakulu okwanira, mmodzi akhale pafupi ndi chitseko, ndipo muwerenge ana pokwera paliponse. Galimoto ikafa m'kati, aliyense akhale momwemo, muimbire foni kuchipata. Nambala yake muilembe polowa. Musatume kondakitala wapansi kukafuna thandizo. Mmalawi amalipira ndalama yochepa polowa poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho pa ndalama yotsalayo lipirani woperekeza wa pamalopo kuti akwere nanu. Safunsa anadya phula. Ndipo woperekezayo akakhala mnyamata kapena mtsikana wamng'ono kwa inu, musamuderere. M'nkhalango wamkulu ndi iyeyo, ngakhale m'galimotomo muli a bishopu.

Kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire ndi mabungwe amene akuyendetsa nkhalangozi, pempho lathu ndi lakuti malamulo asamathere papepala losayina pachipata. Kosita ikafika, wina akwere, aime kutsogolo, alankhule ndi anthu m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chisena kapena m'Chitumbuka kwa mphindi zisanu, awauze zimene njovu imachita ikakwiya ndi chifukwa chake sayenera kutsika. Gulu limene laswa malamulo litulutsidwe, kaya muli ndani. Mwaitana Amalawi kuti abwere kudzaona chuma chawo, ndipo akubweradi. Ambiri mwa iwo ndi ulendo wawo woyamba, ndipo palibe amene anawauzapo zimenezi.

Chilombo chotsiriza n'chaching'ono, ndipo chimakupezani ngakhale mutakhala m'galimoto mwaulemu. Ku Vwaza, ku Nkhotakota ndi ku Kasungu kuli kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, n'chifukwa chake nsalu zoikola zimene mumaziona zitapachikidwa m'tchire zili za mitundu imeneyo. Imakondanso kutsatira galimoto yoyenda. Valani zoyererako, za manja aatali, ndipo podutsa m'nkhalango yowirira tsekani mawindo. Si kashembe aliyense amene ali ndi matendawa, koma mtundu wa kaodzera wa kuno kwathu ndi wachangu: popanda mankhwala umapha m'masabata kapena m'miyezi yochepa. Chipatala cha boma ku Rumphi chakhala chikulandira odwala otere ochokera m'midzi yozungulira Vwaza. Vuto lake n'lakuti umayamba ngati malungo, kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, nthawi zina ndi chotupa chowawa pamene panalumidwa. Dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangauganizire msanga ngati simunamuuze kumene munali. Mankhwala alipo ndipo amachiza munthu akafulumira. Inu kapena mwana wanu mukatentha thupi patapita sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu chibwerereni ku gemu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akakuyezani malungo n'kupeza kuti mulibe, kapena mwamwa mankhwala a malungo koma osasintha, musabwerere kunyumba ndi panado. Muuzeni dokotala dzina la nkhalango imene munapitako, tsiku lake, ndi kuti munalumidwa ndi kashembe, ndipo mupemphe kuti akuyezeni magazi a kaodzera.